Ana a Galu ndi Atsibweni Awo

Padangokhala. Amene tatsala, tili tonse.

Padali Nkhandwe, mzamba wa m'mudzi wa nyama. Ana a Mbawala, a Ngulube, a Njati, onse adafikira m'manja mwake. Chaka chimenecho iye mwini adabereka ana awiri. Madzi a mvula adalowa kuuna iye ali kwina, ana adamira, ndipo iye adawaika onse awiri m'dzenje limodzi. Sadalankhule zambiri. Mkaka wokha ndiwo sudamve kuti ana apita.

Misozi isanaume, adamuitana kwa Galu. Galu adali wobwera, adafika yekha kuchokera kutali ndipo ankakhala kumapeto kwa mudzi. Ana adabadwa atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi wochepetsetsa, koma mayi wawo magazi sadaleke.

"Azamba," adatero Galu, "alipo angati?"

"Atatu."

"Amoyo?"

"Onse."

"Basi," adatero Galu, ndipo adatsirizika pomwepo.

Nkhandwe adawanyambita ana aja, adamanga michombo, nagona chammbali. Bere adalipeza okha.

Atabwerako kumanda, Njati, nduna ya m'mudzimo, adaimirira.

"Ana ndi akuchikazi," adatero. "Mwinimbumba wa malemuwa ndani? Aimirire, atenge ana ake."

Palibe amene adaimirira. Kenaka Fisi adatsokomola. Fisi adali mkulu wa adzukulu okumba manda, ndipo pamaliro ankafika woyamba n'kuchoka womaliza.

"Malemuwa adali mlongo wanga," adatero Fisi. "Amayi athu aang'ono adakwatiwa kutali. Taonani mano angawa. Taonani mphuno."

"Nanga bwanji simunkamuyendera?" adafunsa Nungu, sing'anga wa m'mudzimo.

"Ntchito, asing'anga. Anthu akufa kwambiri masiku ano."

Njati adali atatopa ndi dzuwa. Adayang'ana mano, adayang'ana mphuno, nati, "Kufanana kulipo. Ana ndi anu, a Fisi."

Aliyense ankadziwa chimene Fisi amachita ndi kamwana kopanda mayi. Koma palibe amene adafuna kukangana ndi munthu wodzamukumbira manda. Ndipo mzamba alibe mawu pa mbumba ya eni. Nkhandwe adaomba m'manja pamodzi ndi onse, nabwerera kwa ana.

Adali ndi nyimbo imodzi, imene adaikonzera ana ake aja. Idali yaifupi, yotsika mawu. Inkauza mwana kuti akule msanga, miyendo ilimbe mvula isanathe, ndipo inkathera pa kuwerenga ana mmodzimmodzi. Tsiku limenelo adayimba naima pa wachiwiri. Kenaka adakumbuka kuti alipo wachitatu, namuwerenganso.

M'mawa mwake Fisi adafika ndi dengu.

"Odi kuno."

"Odini, atsibweni awo a ana. Imani pomwepo."

"Ndabwera kudzatenga mbumba yanga."

"Ana ali m'chikuta. Michombo sinagwe. Mwamuna salowa m'chikuta, inunso mukudziwa."

"Ine ndine mwini wake."

"Ngakhale bambo wobereka salowa. Wolowa, miyendo yakumbuyo imafota." Nkhandwe adasuzumira pakhomo, nayang'ana kumbuyo kwa Fisi nthawi yaitali ndithu. "Kwanu alipo amene adalowapo kale?"

Fisi adadzicheukira. "Ife tidabadwa choncho."

"Ndiye muisamale. Yatsala yochepa."

Fisi adasendera m'mbuyo.

"Popeza mwabwera," adatero Nkhandwe, "nkhuni ndi chakudya cha m'chikuta zimachokera kwa mwinimbumba. Woyamwitsa akagona ndi njala, ana amangotsala mafupa ndi chikopa."

"Mafupa ndi chikopa?"

"Opanda ndi mafuta omwe."

Fisi adaganiza kanthawi. Adatola dengu lake, napita kukasaka.

Ana adali otseka maso ndi makutu, ongokwawira komwe kuli kutentha. Nkhandwe ankawanyambita pamimba akatha kuyamwa kuti m'mimba muyende, ankawachotsa utitiri ndi mano akutsogolo, ndipo akafuna kutembenuka ankayamba wawerenga kuti asagonere wina. Aakulu awiri aja ankakankha kamlongo kawo pabere. Iye ankawatchinga ndi mwendo, iwo n'kumalira, mpaka kamkaziko kakhute. Kenaka ankawayimbira nyimbo ija, n'kuwerenga mpaka watatu osaimanso panjira.

Michombo idagwa, maso adatseguka. Fisi adamva, ndipo adafika ndi dengu lomwe lija.

"Lero ndiye kulibe chikuta," adatero.

"Kulibe. Mwabweretsa chiyani?"

"Dengu."

"Mulibe kanthu?"

"Mulowa ana."

"Ana opanda mayina? Panjira akakakufunsani kuti mwanyamula yani, mukati chiyani?"

"Ndiwatcha pompano."

"Dzina sapatsa mobisa, atsibweni. Pamafunika mboni."

Mboni zidalipo kale kuseri kwa nyumba, pakuti Nkhandwe adali ataitana amayi a m'mudzimo. Adatulukira Mbawala, Ngulube ndi mkazi wa Njati. Adayala mphasa, ndipo Nkhandwe adaika ana atatu aja pakati.

Fisi adameza malovu. Adaloza wamkulu.

"Uyu ndi Kadzutsa."

Adaloza wachiwiri. "Uyu ndi Nkhomaliro."

Kamkazi kaja adakatembenuza ndi phazi, nakayang'ana nthiti. "Aka ndi Mkute."

Amayi aja adayang'anana. Nkhandwe adalulutira yekha, ena n'kutsatira pambuyo.

"Mayina a mwanaalirenji," adatero Nkhandwe. "Ana awa sadzagona ndi njala."

"Wotcha dzina amapereka mbalame," adatero mkazi wa Njati. "Mwana aliyense nkhanga yake. Musaiwale, a Fisi."

"Nanga ndiwatenga liti?"

"Akaleka kuyamwa," adayankha Nkhandwe. "Kapena mkaka muli nawo, atsibweni? Tembenukani tione."

Amayi adaseka mpaka Ngulube adagwira m'nthiti. Atabalalika, Nkhandwe adatengera Mkute pafupi ndi Fisi.

"Gwirani apa," adatero motsitsa. "Mkaka wokha sunonetsa. Akayamba kudya nyama ndi pamene mudzaone kusintha."

Fisi adagwira, napukusa mutu, napitanso kukasaka.

Kuyambira pamenepo Fisi sadapumenso. Mnofu ankatula pakhomo pa Nkhandwe, iye n'kumatafuna ziboda. Ana ankanenepa, iye ankaonda, ndipo akawaona akugubuduzana pabwalo ankadzitonthoza kuti chake chikukula.

Nkhandwe ankawatafunira nyama kufikira mano awo atalimba. Adawaphunzitsa kuuwa akamva phazi lachilendo ndi kukhala chete akamva la mwini nyumba. Adawaphunzitsa kusaika mphuno m'mbale ya eni. Kadzutsa ankakonda kuthamangitsa chilichonse chouluka, ndipo Nkhandwe adamusiya azitero. Nkhomaliro adali ndi mphuno yakuthwa. Ameneyo ankamukwiririra timizu ta mankhwala kuti azifukula. Mkute ankadya pang'onopang'ono, sankakonda phokoso, ndipo poyenda ankatsamira mwendo wa Nkhandwe. Akaona dzenje kapena minga ankaima, Nkhandwe naye n'kuima.

Tsiku lina Nkhandwe adakacheza kwa mkazi wa Njati, nadandaula naye za akhwangwala amene ankatha chimanga choyanika. Tsiku lina adakacheza kwa Nungu, namufunsa ngati mphuno yake ikadamvabe fungo la mizu ngati kale. Nungu adavomera kuti ukalamba wamulanda mphuno. Za Mkute sadapite kwa aliyense. Ankati mawa, kukacha ankatinso mawa. Mumtima adali atamusunga kuti akhale wake, ngakhale sankadziwa kuti adzamubisa kuti.

Ana adaleka kuyamwa. Mudzi wonse udawaona akulimbirana fupa, ndipo padalibenso chobisa. Fisi adafika akudzandira, dengu lili kumutu.

"Mwambo wina ulipo?" adafunsa.

"Watsala umodzi, wopepuka. Ana amasiye amakathokoza amene adalira mayi awo. Timayambira kwa nduna."

"Tikatha?"

"Tikatha, ine mawu ndilibenso."

Nkhandwe adawayimbira nyimbo ija, nawerenga atatu, nawaika m'dengu. Fisi adasenza.

Kwa Njati adapeza chimanga chili pamphasa, akhwangwala atachizungulira. Dengu lisanafike pansi, Kadzutsa adalumpha. Akhwangwala adabalalika, iye nabwerera n'kukhala pambali pa mphasa, osakhudza ndi njere yomwe.

Mkazi wa Njati adanong'oneza mwamuna wake. Njati adakonza kukhosi.

"A Fisi, mwana uyu mundipatse, azindilondera chimanga. Ndikupempha kwa inu monga mwinimbumba."

"Akadali wamng'ono, anduna."

"Akulira konkuno. Amene ndidakupatsani anawa ndine. Mmodzi yekha mungandimane?"

Fisi adayang'ana nyanga za Njati. "Sindingakumaneni."

"Zikomo. Nkhoswe yake ndinu. Akadwala ndidzaitana inu. Akasowa ndidzafunsa inu."

Nkhandwe adamunyambita Kadzutsa pamutu. Mwanayo sadacheuke n'komwe, maso adali kwa akhwangwala.

Kwa Nungu adapeza sing'anga akukumba apa ndi apo, osapeza kanthu. Nkhomaliro adatsika, adanunkhiza, nafukula muzu wonse n'kuutula pamapazi pake.

"Muzu uwu ndauyendera chiyambire m'mawa," adatero Nungu. "A Fisi, anduna mwawapatsa wawo. Ine ndinalakwa chiyani?"

"Asing'anga, ndatsala ndi awiri okha."

Nungu adagwedeza minga yake pang'ono, ikulira ngati nsungwi zouma. "Inu simudwala?"

"Ndimadwala."

"Ndiye timvane. Mwana akhala kuno, nkhoswe ndinu."

Nkhomaliro adalira pang'ono poona Nkhandwe akuchoka. Nungu adamupatsa fupa, ndipo adaleka.

Atachoka kwa Nungu, Nkhandwe adati, "Tsopano kwa Mbawala."

Fisi adatula dengu pansi. "Ayi."

"Nawonso adalira maliro."

"Ndati ayi. Taonani nthiti zangazi. Ndasaka mvula yonseyi, awiri mwandilanda ndikuona. Bwererani kwanu, azamba."

"Pali mwambo woti mwana wamkazi..."

"Miyambo yatha."

Nkhandwe adaona kuti yathadi. Kwa Mbawala sadakonzeko kanthu, kwina kulikonse sadakonzeko kanthu. Mkute adatulutsa mutu m'dengu, akugwedeza mchira.

Nkhandwe adakhala pansi.

"Chabwino," adatero. "Tisanamizane. Mukufuna kumudya."

Adacheukira kumene adachokera, napitiriza.

"Pano ayi. Kwa Nungu n'pafupi. Akamva kulira, mukayankha kwa nduna. Kuseri uko kuli chulu kumene sikufika munthu. Ndikuperekezeni, ndimuyimbire komaliza, ndizipita."

"Mukundithandiziranji?"

"Kuti zichitike msanga. Asavutike."

Mawu ake ankanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kudali koona. Fisi adakhulupirira, nasenza dengu.

Chimene Nkhandwe ankachitcha chulu chidali Chipembere, kazembe wankhondo wakalekale, amene maso ake adali atachita khungu. Ankakhala yekha chifukwa cha ukali. Masana ankagubuduka m'matope n'kugona, matopewo n'kumuumira pamsana. Nkhandwe ankadziwa zimenezi, koma sankadziwa ngati nkhalambayo ikadzuka idzayamba yafunsa kapena idzangoponda onse atatu. Njira ina padalibe.

Fisi njala idali itamudetsa m'maso. Adafika natsamira chulucho, natulutsa Mkute pomuluma chikopa chapakhosi.

"Yimbani msanga," adatero, mawu akutulukira m'mphuno.

Nkhandwe adayimba. Nyimbo imene masiku onse ankaiyimba motsitsa, tsiku limenelo adaikweza, pakamwa atalozetsa pa kadzenje kena ka chulucho, kamene kadali khutu. Adapempha mwana kuti akule msanga, miyendo ilimbe. Pofika powerenga, adawerenga mmodzi yekha, naima.

Chulu chidapumira m'mwamba. Matope adang'aluka, chidaimirira, ndipo nyanga idafika pachifuwa pa Fisi.

"Ndani akundiyimbira m'khutu?"

"Ndine Nkhandwe, akazembe, mzamba uja. Ndaperekeza a Fisi."

"Fisi wa kumanda? Sindinafe ine."

"Sanabwerere zimenezo. Amva kuti mukumagwera m'maenje, ndiye abwera ndi mwana wa mlongo wawo kuti azikutsogolerani. Amunyamula pakamwa ngati mayi, kuopa kuti angaponde minga."

"N'zoona zimenezo, Fisi?"

Nyanga idakanikiza pang'ono.

"Mmm," adatero Fisi.

"Yankhula bwino."

"Sangathe, akazembe, mwana ali kukamwa."

"Amutsitse ndimununkhize."

Fisi adatsitsa Mkute mosamala kuposa mmene mayi aliyense adatsitsirapo mwana. Chipembere adaweramitsa mutu, nafwenkha, mpweya wake n'kumugwetsa mwanayo chagada. Mkute adadzuka, adadzikutumula, nanunkhiza nayenso. Kenaka adapita kukatsamira mwendo wakutsogolo wa Chipembere.

"Kakang'ono," adatero Chipembere. "Kamalongolola?"

"Ayi."

"Ine phokoso ndimadana nalo."

"Nayenso amadana nalo."

"Tiye tione."

Adayenda, Mkute ali pamwendo. Patsogolo padali dzenje limene nkhalambayo idagweramo kangapo. Mkute adaima. Chipembere adaima naye, napapasa ndi phazi, napeza m'mphepete mwa dzenjelo. 

"Asilikali anga onse palibe adandichenjezapo msanga chonchi," adatero. "Dzina lake?"

"Mkute."

"Adatcha ndani dzina lopusali?"

"Atsibweni ake."

"Likhale. Inenso ndine wotsala." Adatembenuzira nyanga kumene kunkachokera fungo la Fisi. "Iwe ndiye nkhoswe. Kamwana aka kakasowa, sindidzafunsa. Ndidzangobwera."

"Sikasowa, akazembe," adatero Fisi.

Nkhandwe adasendera pafupi.

"Amadya pang'onopang'ono, musamufulumize," adatero. "Mabingu amawaopa. Kukagunda muzimulola alowe pansi pa khosi lanu. Pogona muziyamba mwapapasa musanatembenuke."

"Ndamva, mayi."

"Madzi amakonda a m'mawa."

"Ndati ndamva. Kapena mukufuna mukhale konkuno inunso?"

"Ayi. Ndapita."

Adatembenuka. Atayenda pang'ono adamva timapazi kumbuyo. Adaima, timapazi tidaima. Adayendanso, tidayendanso. Pamenepo Nkhandwe adacheuka natulutsa mano, chinthu chimene sadachitepo kwa mwanayo chibadwire.

"Bwerera."

Mkute adamuyang'ana, makutu ali pansi. Kumbuyo Chipembere adali akupapasa ndi phazi, osadziwa kolowera. Mkute adacheukira nkhalambayo, adayang'ananso Nkhandwe, kenaka adathamangira kumwendo kuja.

Pobwerera, Fisi ndi Nkhandwe adayenda njira imodzi, dengu lili lopanda kanthu. 

"Azamba," adatero Fisi pomaliza, "mwa miyambo yonse ija, yoona idali iti?"

"Yambiri idali yoona."

"Za miyendo zija?"

"Zimenezo ndidawonjezera."

Fisi adausa moyo. "Ndiye ine ndatsala ndi chiyani?"

"Mbumba. Mudaipempha nokha pamaso pa anthu."

Ndipo zidaterodi. Fisi tulo tidamuthawa. Ankaopa kuti Nyalugwe kapena Nsato angatenge mmodzi mwa ana aja, mlandu n'kugwera nkhoswe. Choncho ankazungulira makomo atatuwo kukaona ngati onse alipo, ndipo chilombo china chikayandikira ankachipirikitsa yekha. Mpaka lero fisi amazungulira mudzi, ndipo agalu akamva fungo lake amauwa khomo ndi khomo, kuuza atsibweni kuti tilipo, pitirirani.

Ana aja adakula. Kadzutsa adanenepa mpaka akhwangwala adayamba kumuseka, koma chimanga cha Njati chidafika m'nkhokwe chonse. Nkhomaliro adadziwa mizu kuposa mphunzitsi wake. Chipembere adayamba kuoneka m'mudzi, pabwalo ndi pamaliro pomwe, kagalu kali pamwendo, ndipo ukali wake udachepako pang'ono, pang'ono pokha.

Koma tsiku lija Nkhandwe atafika kwake adasesa m'nyumba. Adatola mafupa otafunidwa, adakutumula mphasa yodzaza ubweya. Ntchitoyo idatha msanga. Adakhala pakhomo osadziwa chochita ndi manja ake, kenaka adalowa nagona, natembenuka mbali zonse ziwiri osawerenga aliyense.

Adadzuka atamva kugogoda. Pakhomo padali mwamuna wa Ngulube, thukuta lili kamukamu.

"Azamba, kunyumba kwayambika. Amayi akuti mufulumire."

"Ayamba liti?"

"Posachedwapa. Koma mimba yake, azamba, ine ndikuona ngati ali ambiri."

"Ndinu okonzeka kusaka?"

"Kusaka?"

"Tiyeni, ndikuuzani panjira," adatero Nkhandwe, natseka chitseko.

Yathera pamenepa. Mbatata ija isiyeni m'phulusa, adzaphula ndi amene adzuke msanga.